Anamwalira Lolemba, Ukwati Uli Lachisanu

Bambo anga anamwalira Lolemba m'mawa, cha m'ma 9 koloko, ali chiimire pa windo nambala 4 atavala jekete yawo yabwino. Amene anawauza za imfa yawoyo ndi mlembi wa maukwati, ndipo anachita kuwatembenuzira kompyuta kuti adzionere okha.

Ine ndinali pa windo nambala 7, pa imfa. Ndagwira ntchito yolembera anthu omwalira kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, moti anzanga anaiwala dzina langa, amangoti Mayi Maliro. Sindikwiya nazo. Ntchito yanga ndi yabwino, chifukwa amene ndimawalembawo sabwerera kudzadandaula.

Kale dipatimenti iliyonse inali ndi nyumba yake, makompyuta ake ndi ulesi wake. A zakubadwa anali kuseri kwa positi, a maukwati pamwamba pa sitolo ya matayala, ife a imfa kumapeto kwa khonde limene ngakhale wosesa ankaliiwala. Kenaka boma linatulukira nzeru yakuti tonse tizigawana zinthu. Anapachika chinsalu pakhomo cholembedwa kuti KHOMO LIMODZI, NKHOKWE IMODZI, n'kutiunjika madipatimenti asanu ndi awiri m'holo imodzi. Printa imodzi, ketulo imodzi, foni imodzi, ndi kiyi mmodzi wa kuchimbudzi womangirira ku chithabwa kuti asalowe m'thumba la munthu. Sabata yoyamba ndinasindikiza setifiketi ya imfa ya mphunzitsi wina, inatuluka pa pepala la a ziweto, pamwamba pali mutu wa ng'ombe. Mwana wa malemuwo anaiyang'ana kwa nthawi yaitali.

"Anali ouma mutu ndithu," anatero, "koma apa mwaonjeza."

Chachikulu pa zonsezi chinali makina atsopano amene anameza mabuku a madipatimenti onse n'kuwasandutsa buku limodzi. Dzina lake lenileni linali lalitali, palibe analigwira. Ife tinkangoti Apongozi, chifukwa ankadziwa zonse za aliyense ndipo sunkawayankha. Anabwera ndi katswiri wake, bambo wa dazi ndi nsapato zosongoka, amene yankho lake pa vuto lililonse linali lakuti, "Mungodina kamodzi." Tinawatcha a Dinani, ndipo anazolowera mpaka ankavomera.

Tsono Lolemba limenelo ndinamva mawu a bambo anga akudutsa mawindo atatu.

"Mwanawe! Tabwera kuno. Akuti ndafa."

Bambo anayendetsa galimoto ya boma zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo anapuma pa ntchito chaka chatha. Amayi anatisiya zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi nyumba yathu pali mayi wina wosoka zovala, Mayi Telala, wamasiye nayenso, wolankhula pang'ono. Thalauza limodzi la bambo linapita kwa mayiyo kukafupikitsidwa katatu. Litatsala pang'ono kusanduka kabudula m'pamene ndinazindikira kuti nkhani si thalauza. Ukwati wawo unali woti umangidwe Lachisanu pa windo nambala 4, ndipo Lolembalo anabwera awiriwo kudzatsimikiza mapepala.

Ndinene zoona, ukwati umenewu sunkandisangalatsa. Mayi Telala sanandilakwire kanthu. Kungoti ndinkati ndikawaona akuyang'ana mawindo a nyumba yathu ndi diso loyeza makatani, ndinkaiwala dala kuwapatsa moni.

Mlembi wa maukwati ndi mkulu wina wofatsa amene wakwatitsa theka la tauni koma iye mwini sanayesepo. Ndinamupeza akufotokoza mwaulemu wonse.

"Pepani kwambiri, bambo. Makina akuti ndinu malemu. Malemu sitiwakwatitsa."

"Ndinafa liti?"

"Pa 30 Juni, chaka chatha."

"Limenelo ndi tsiku limene ndinapuma pa ntchito! Anandipatsa wotchi. Wotchi yake ndi iyi."

"Ikuyenda bwino," anatero mlembiyo ataiyang'ana. "Koma pano tikuyendera makina."

Ndinasuzumira pa kompyutapo. Pansi pa chithunzi cha bambo panali mawu amodzi okha, a zilembo zazikulu: WAPUMA. Mwini wake wa mawu amenewo ndinkamudziwa.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, nditabwerera kuntchito titaika amayi, pepala loyamba pa mulu wa patebulo langa linali lawo. Kompyuta yathu yakale inali ndi kabokosi kopanda kanthu, kamene unkalembamo wekha kuti munthu wamwalira. Ndinakhala ndikuyang'ana kabokosi kameneko mpaka nthawi ya nkhomaliro inakwana. Zala zinakana. Mapeto ake ndinalemba kuti wapuma. Tsiku lotsatira ndinaona kuti si chilungamo kuti amayi anga okha apume, amayi a anthu ena azimwalira, ndiye ndinalemba chimodzimodzi kwa aliyense. Palibe anafunsa. Mabuku a imfa sawerengedwa ndi munthu.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kutsidya kwa tauni, ku ofesi yoona za antchito a boma, nawonso ankalemba WAPUMA pa dzina la aliyense wosiya ntchito chifukwa cha ukalamba. Apongozi atameza mabuku awiriwa anapeza mawu amodzi, ndipo poti ndi makina osakonda mikangano, anagamula kuti onse ndi akufa.

Pofika masana holo inali itadzaza malemu. Panali namwino wakale amene anabwera kudzakonzetsa laisensi yoyendetsera galimoto, mphunzitsi wamkulu wakale amene anabwera kudzalembetsa katemera wa galu wake, ndi wapolisi wakale amene ankafuna kudziwa dzina la amene wamupha. Anakhala pa mabenchi ndi maambulera awo, akufunsana kuti, "Inu munafa liti?" Bambo anga, poti ndi munthu wa macheza, anayamba kuwakonza pamzere malinga ndi tsiku la imfa.

Lachiwiri kunali msonkhano wa mabwana onse asanu ndi awiri, ndipo anandiitana kuti ndikhale pakona. Anatha ola lathunthu akukangana kuti mawuwo ndi a dipatimenti iti. Bwana wa za antchito anati iwo akhala akupumitsa anthu kuyambira asanabadwe a Dinani. Bwana wa zamagalimoto anati nawonso amalemba kuti yapuma galimoto ikafa injini, ndiye asaiwalidwe pa nkhaniyi. Bwana wa ziweto anangobwera kudzadya masikono. Kenaka bwana wanga anatembenukira kwa ine.

"Mayi, mawu amenewa kwathu kuno anayamba bwanji?"

"Ndinawapeza, bwana."

Bodza limenelo linatuluka mosavuta ngati chifuwa. Ndipo pali china choipa kuposa bodzalo chimene ndiulule: pakona pamenepo, mtima wanga unkasekerera. Malemu sakwatira. Sindinachite kukonza ndine, anakonza ndi Apongozi, ine ndinali wosalakwa ngati khanda.

A Dinani anaimirira n'kukonza tayi.

"Mabwana, vutoli ndi laling'ono. Tiuza makina kuti WAPUMA aliyense ndi wopuma pa ntchito. Mungodina kamodzi."

Anadina Lachitatu masana. Malemu onse a pa mabenchi anauka nthawi imodzi, holo yonse inaomba m'manja, wapolisi wakale uja anakumbatira a Dinani mpaka kuwanyamula. Bambo anandikodola ali pakhomo, akuloza wotchi yawo. Ine ndinamwetulira ndi mano okha. Sindinaganize n'komwe kuti ngati opuma onse auka, ndiye kuti omwalira anga aja aukanso.

Lachinayi m'mawa bambo ndi Mayi Telala anafikanso pa windo nambala 4. Ulendo uno bambo sanandiitane. Amene anandiitana ndi mlembi wa maukwati, ndi dzanja, nkhope yake ili ngati wameza fupa.

"Bambo, mwauka, tikuthokoza," ankatero nditafika. "Koma tsopano makina akuti muli ndi mkazi kale."

"Ndinali naye."

"Akuti ali moyo. Akuti anangopuma pa ntchito."

Anthu a pamzere anaseka, ndipo sindiwaimba mlandu, sabata imeneyo tonse tinali titazolowera kuseka. Bambo sanaseke. Anagwira m'mphepete mwa kauntala.

"Mkazi wanga sanagwirepo ntchito ya boma," anatero. "Ndipo kupuma sanapumepo tsiku ndi limodzi lomwe."

Anatulutsa foni m'thumba n'kundipatsa osandiyang'ana. Amayi analibe foni yawoyawo, paliponse ankalembetsa nambala ya bambo. Uthengawo unabwera dzulo lake madzulo, wochokera kwa Apongozi, uli ndi dzina lonse la amayi pamwamba. Unkati chiphaso chawo chinatha ntchito kalekale, abwere okha ku Khomo Limodzi adzajambulitse chithunzi chatsopano, asavale chipewa kapena magalasi.

Ndinathamangira kwa a Dinani, amene ofesi yawo inali kakhola ka magalasi pafupi ndi printa. Ndinawapeza foni ya tonse ija ikulira osaiyankha. Mabanja zikwi khumi ndi chimodzi anali atalandira uthenga ngati womwewo.

"Dinaninso kamodzi," ndinatero.

"Apa sipodina kamodzi, mayi." Kanali koyamba kuwamva akunena zimenezo, ndipo anaoneka ngati akwinyika. "Ndikabweza, okalamba aja afanso. Pakufunika kuti mlembi wa imfa atenge faelo ya munthu aliyense, aone pepala la dokotala, akonze mmodzimmodzi ndi nambala yake yachinsinsi. Ndaikanso chitetezo. Makina sakulolanso kungosankha. Muzilemba mawuwo ndi zala zanu, kuopa kupha munthu mwangozi."

"Mawu ati?"

"Akuti wamwalira. Pali enanso?"

Bwana wanga analamula kuti ndiyambire omwalira posachedwa, ndizibwerera m'mbuyo. Ndinawerengera mwachangu. Amayi anali oyamba kupuma, ndiye akanakhala omaliza kukonzedwa, mwina chaka chamawa. Lamulo linali kumbali yanga, ndipo ndinabwerera pa windo langa nditalikumbatira. Ndinatsegula faelo yoyamba, ya munthu wosamudziwa, n'kuyamba kuisanthula pang'onopang'ono ngati ndikufunamo chuma.

Cha m'ma 11 makina oitana anthu analira, ndipo pa windo langa panaima Mayi Telala, kapepala ka nambala kali m'manja. Anachita kukhala pamzere wa imfa ola lathunthu, chonsecho akanatha kungondikodola.

"Ndikuthandizeni?" ndinatero, ndi mawu amene ndimasungira anthu obwera nthawi yotsekera.

"Sindinabwere kudzakupemphani kanthu za mawa," anatero. "Ine ndadikira zambiri pa moyo wanga, Lachisanu lina lidzabwera."

"Ndiye?"

"Jekete imene avala bambo anuyo anandipatsa kuti ndiikonze. Nditaitembenuza ndinapeza thumba la m'kati linasokedwapo kale ndi manja, ndi ulusi wabuluu. Msoko wake ndi wabwino kuposa wanga, ndipo ine ndimadya za msoko. Sindinaumasule. Ndinasoka mozungulira."

Ulusi wabuluuwo ndinkaudziwa. Amayi anagula mpukutu umodzi waukulu, ndipo chilichonse m'nyumba mwathu chinasokedwa ndi buluu, ngakhale malaya oyera a kusukulu.

"Ndimafuna mudziwe zimenezo basi," anapitiriza. "Koma china n'chakuti, kuyambira dzulo bambo anu auwerenga uthenga uja mwina kakhumi. Akauwerenga amaika foni m'thumba, kenaka amaitulutsanso. Ukwati ungadikire. Koma musawasiye ndi foni yowauza kuti mkazi wawo abwere adzajambulitse."

Anasiya kapepala ka nambala pa kauntala n'kumapita. Ndinkafuna andinyoze kuti ndipeze pogwira, koma sanandipatse mpata umenewo, ndipo zinandikwiyitsa kwambiri.

Mafaelo akale anawaunjika m'chikontena kuseri kwa holo, a madipatimenti onse pamodzi, pakuti nawonso ankagawana. Nthawi ya nkhomaliro ndinalowamo. Ndinadutsa mabokosi a katemera wa agalu, mabokosi a malaisensi, mpaka ndinapeza athu pansi pa matayala akale. Faelo ya amayi sinandivute kupeza. Ndinali nditaipinda pakona tsiku lija.

Potuluka ndinapeza bambo atakhala pa benchi ya alonda, jekete ili pamiyendo. Anayang'ana faeloyo, kenaka ine.

"Ndiwe unalemba, eti?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndinkadziwa. Setifiketi ili m'sutikesi, ndinaiwerenga tsiku lomwe unabwera nayo. Ndinati mwanayu wawalemba bwino amayi ake, ndisamuvute."

"Ndiye bwanji simunanene Lolemba?"

"Ndikananena pamaso pa mabwana ako? Ndayendetsa mabwana zaka makumi atatu ndi zinayi, ndimadziwa zimene amachita akapeza munthu womuloza chala." Anasuntha kuti ndikhale, ndipo ndinakhala. "Komanso kufa kunandikomera. Anthu ankandipatsa mpando."

Ndinaseka, ndipo kusekako kunatembenuka panjira. Ndinalira pa benchi ya alonda, mayi wamkulu wa ana awiri, faelo ili pachifuwa, mlonda akunamizira kuwerenga nyuzipepala.

"Ndikalemba ndiye kuti basi, Bambo."

"Basi inachitika kale, mwanawe. Unalemba zoona kuti anatopa. Koma amayi ako sanapume. Anamwalira. Ndinalipo, ndinawagwira dzanja." Anapukuta magalasi awo ndi tayi. "Usachite chifukwa cha ukwati wanga. Ukafuna kundiletsa, undiletse ndi pakamwa pako, ndidzakumva. Koma usabisale kumbuyo kwa amayi ako."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona.

Ndinabwerera pa windo nambala 7, ndinakankhira pambali mulu wa bwana, n'kutsegula dzina la amayi. Chithunzi chawo chinatuluka, chija anajambulitsa atakwiya chifukwa wojambula anawauza kuti avule mpango. Pansi pake Apongozi anali atalemba kuti ali moyo, ndipo ndivomere, ndinakhala kanthawi ndikungowerenga mzere umenewo. Unali mzere wokoma. Kenaka ndinaika nambala yanga yachinsinsi, kabokosi kanatseguka, kopanda kanthu ngati kakale kaja.

Ndimalemba mawu makumi asanu ndi limodzi pa mphindi osayang'ana zala. Awa ndinawalemba ndi chala chimodzi, chilembo ndi chilembo. Makina anafunsa kuti, "Mukutsimikiza?" Ndinayang'ana ku kakhola ka magalasi. A Dinani anali ataimirira akundiyang'ana, ndipo kamodzi kokha pa moyo wawo anatseka pakamwa.

Ndinadina kamodzi.

Ndisanaweruke ndinapita kwa bwana wanga n'kuwauza kuti mawu aja sindinawapeze, ndinawayambitsa ndine. Anandiyang'ana, anayang'ana mafaelo zikwi khumi ndi chimodzi amene palibe wina akanawakhudza, n'kunena kuti nkhaniyo tidzaikamba ndikamaliza.

Printa inali itafa Lachinayi lonse chifukwa a zamagalimoto anaidyetsa pepala lokhala ndi pini. Inauka Lachisanu m'mawa, nthawi yomwe mlembi wa maukwati ankamaliza kufunsa mafunso ake. Ine ndinali mboni ya bambo, ndipo ndinasaina ndi cholembera changa chimene ndimasainira imfa, poti cha pa windo nambala 4 chinali chitabwerekedwa ndi a ziweto. Mlembi anapita kukatenga setifiketi ya ukwati, anabwera ndi mapepala awiri. Printayo inali italavula zonse zimene inasunga kuyambira dzulo, ndipo setifiketi yatsopano ya amayi inatuluka yomatirira kumsana kwa ya ukwati, onse awiri akadali ofunda.

"Pepani," anatero mlembi, akufuna kubisa linalo. "Ndi vuto la kugawanaku."

"Bweretsani onse," anatero bambo.

La ukwati anapatsa mkazi wawo. Linalo analiwerenga ataimirira, kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ikugwedera. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la m'kati, la ulusi wabuluu lija. Batani la thumbalo linawavuta. Mayi Telala anawamangira.

Anandiitana kuti tikamwe tiyi tonse, ndinati ndiwapeza madzulo, ndipo ndibweretsa tepi tiyeze mawindo aja. Mayi Telala anati tepi ali nayo, miyezo anatenga kale ndi maso. Ndinati ndinawaona.

Nditabwerera pa windo langa ndinapeza mzere wafika pakhomo, aliyense atanyamula foni yokhala ndi uthenga woitana mayi wake, mwamuna wake, mwana wake kuti adzajambulitse. Kutsogolo kunali bambo wina wa ovolosi ya makaniko. Anandipatsa foni, maso ali pa kauntala.

"Anali ndani wanu?" ndinafunsa.

"Mkazi wanga."

"Khalani pansi, bambo," ndinatero. "Tilembera limodzi."